Nthenda Yogona m'Dothi la Luangwa

Dziko la Msanzala, kwa Mfumu Sandwe ndi Mfumu Nyamphande, ligona pakati pa Petauke ndi mtsinje wa Luangwa, ndipo mtsinje womwewo utsikira ku dziko la Nyimba. Anthu a m'cigwa cimeneci akhala pafupi ndi mvuu, njati ndi njobvu kuyambira kale lomwe. Akhalanso pafupi ndi nthenda yoopsa yochedwa anthrax. Dzinali ndi la Cigriki, ndipo tanthauzo lace ndi malasha, popeza cironda cace pa khungu la munthu cida bii ngati khala.

M'caka ca 1987, kuyambira June kufikira November, mvuu zoposa 4,000 zinafa m'Luangwa. M'caka ca 2011 nthendayo inabukanso ku Chama, kumtunda kwa mtsinje: anthu oposa 500 anadwala atasenda kapena kudya nyama ya mvuu zofa zokha, ndipo asanu anamwalira. M'caka ca 2023 inamveka m'zigawo 9 mwa zigawo 10 za Zambia. Nanga pa zaka za pakatipo ibisala kuti?

Woyamba kuyankha anali Robert Koch, dotolo wa m'kamudzi ka Wollstein, m'caka ca 1876. Poyang'ana ndi galasi lokuza zinthu, iye anaona kuti kacirombo ka nthendayi kamadzipangira kambeu kouma m'kati mwace, kamene akatswiri akacha spore. Zimenezi zicitika pamene mwazi wa nyama yakufa ukomana ndi mpweya. Kambeuko sikadya, sikakula, kangogona m'dothi. Pa cirimwe, msipu ukatha, nyama zidya udzu pamodzi ndi pfumbi, ndipo kambeu kadzuka m'thupi mwao.

Kulimba kwace kunaoneka pa cisumbu ca Gruinard ku Scotland. Boma la Britain linayesako nthendayi monga cida ca nkhondo m'caka ca 1942. Dothi linatsukidwa ndi mankhwala m'caka ca 1986, ndipo anthu analoledwa kupondako mu 1990.

Cinsinsi ca kulimbako ciri pawiri. M'kati mwa kambeu muli mouma ndithu, ndico cifukwa cace kutentha sikukapha msanga. Kunja kwace kuli cikuto ca mitundu yambiri ya maprotini, osanjikana-sanjikana, cimene cichinga mankhwala ndi tizirombo tina tofuna kukadya. M'caka ca 1996 akatswiri a ku Japan, popima Bacillus subtilis, mbale wace wa anthrax wosadwalitsa munthu, anapeza cimene cimanga maprotiniwo. Ndi enzaimu yochedwa transglutaminase. Enzaimu ndi kanthu kofulumizitsa nchito m'zamoyo. Za m'cimera zisungunula ufa kuti mowa utsekemere, koma iyi nchito yace ndi kulumikiza: igwira protini ina pa mfundo yochedwa glutamine, niimangirira ku inzace pa mfundo yochedwa lysine. Womanga nkhokwe adziwa kuti nsungwi zongoimika zigwa ndi mphepo, koma zomangidwa ndi luzi ziima zaka.

Anthu sanakhale manja lende. Louis Pasteur anaonetsa katemera wa nkhosa ndi ng'ombe ku Pouilly-le-Fort m'caka ca 1881. Katemera amene ziweto zilandira lero anacokera kwa Max Sterne wa ku Onderstepoort, pafupi ndi Pretoria, m'caka ca 1937. Koma ndani angabaye katemera mvuu zonse za m'Luangwa, kapena kutsuka cigwa monga anatsukira kacisumbu kaja?

Cifukwa cace nkhaniyi ikhudza inunso a ku migodi ndi m'matauni, amene mulandira nyama yofutsa kucokera kumudzi. Nthendayi ifika nthawi ya cirimwe, pamene ndiwo zisowa, ndipo mvuu yofa yokha ioneka ngati mwai. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Dzuwa, mcere ndi utsi sizipha kambeuko, ndipo kakhalanso m'zikopa. Nyama yofa yokha isatumbulidwe, pakuti mpeni ndiwo utsegulira mpweya. Itenthedwe kapena ikwiriridwe mozama, ndipo a za ziweto auzidwe. Munthu amene waona cironda cakuda cosawawa atakhudza nyama afulumire ku cipatala, cifukwa mankhwala monga penisilini aciritsa wofika msanga.