Kinnah Phiri: Womwetsa Zigoli Amene Anadzakhala Mphunzitsi

M'mwezi wa Malichi m'chaka cha 1984, timu ya mpira wamiyendo ya dziko la Malawi inapita koyamba ku mpikisano wa chikho cha maiko a mu Africa, umene unachitikira ku Ivory Coast. Pa masewero ake oyamba mumzinda wa Bouaké, timuyi inakumana ndi Algeria ndipo inagonja ndi zigoli 3 kwa 0. Anthu amene anaunjirira wailesi tsiku limenelo, kaya pa Njuli, pa Mbulumbuzi kapena ku Namitambo m'boma la Chiradzulu, ayenera kuti anakumbukira munthu mmodzi amene sanali m'bwalomo. Munthuyo anali Kinnah Phiri.

A Phiri anabadwa m'chaka cha 1954. Anatchuka akusewera kutsogolo m'timu ya Bata Bullets ya mumzinda wa Blantyre, ndipo anayamba kusewerera dziko lawo m'chaka cha 1973, asanakwanitse zaka makumi awiri. Pofika 1981 anali atamwetsera Malawi zigoli 71 m'masewero opitirira 110, ndipo mpaka lero palibe Mmalawi wina amene wafikapo pa chiwerengero chimenechi. Chifukwa cha changu chawo akayandikira golo, ochemerera anawapatsa dzina lakuti "Electric". Tiyenera kukumbukira kuti masiku amenewo kunalibe wailesi yakanema m'dziko muno, pakuti inadzayamba mu 1999. Kotero anthu ambiri akumudzi sanawaonepo a Phiri ndi maso. Ankawadziwira m'mawu a owulutsa mpira pa MBC. Ngakhale zinali tero, mwana aliyense womenya chikulunga pabwalo la sukulu ankafuna kuti anzake amutche Kinnah.

Zaka zimene mbiri yawo inafika pachimake ndi 1978 ndi 1979. Mu 1978 Malawi analandira mpikisano wa maiko a kummawa ndi pakati pa Africa, ndipo anatenga chikho atagonjetsa Zambia 3 kwa 2 m'masewero otsiriza. Chaka chotsatira anakachiteteza ku Kenya pogonjetsa eni nthaka ndi zigoli zomwezo. Mphunzitsi wa timuyo anali Ted Powell wa ku England, ndipo kumbuyo kunali Jack Chamangwana, amene dzina lake lidzamvekanso m'nkhani ino.

Mu 1982 timu ya Sharjah ya ku United Arab Emirates inafuna kuwatenga a Phiri, koma sanaloledwe kupita. Achinyamata a lero, amene amaona osewera athu akupita ku South Africa ngakhale ku Ulaya popanda wowaletsa, angavutike kumvetsa zimenezi. M'nthawi ya chipani chimodzi, luso la munthu wotchuka linkaonedwa ngati chuma cha boma, osati cha mwini wake. Zotsatira zake zinali zakuti dziko linataya chomwe linkafuna kusunga. A Phiri anapita ku Swaziland, dziko limene tsopano likutchedwa Eswatini, nakasewerera Manzini Wanderers. N'chifukwa chake ku Bouaké kunalibe dzina lawo.

Ku Swaziland komweko ndi kumene anayambira ntchito yophunzitsa mpira. Sikuti aliyense amene anali katswiri m'bwalo amakhala mphunzitsi wabwino ayi. Womwetsa zigoli amadalira miyendo yake ndi diso lake, ndipo zimene amachita m'kamphindi nthawi zambiri sangathe kuzifotokoza. Mphunzitsi amaima kunja kwa mzere, miyendo yake ilibe ntchito, ndipo ayenera kupirira poona mnyamata akuphonya chigoli chimene iye akadamwetsa atatsinzina. A Phiri anaphunzira kudekha kumeneku ali kuchilendo, kutali ndi anthu amene ankawaimbira m'manja.

Atabwerera kwawo anaphunzitsa Bullets, imene pa nthawiyo inkatchedwa Bakili Bullets. Mu 2004 anaifikitsa m'ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa, atatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa, ndipo kumeneko anakumana ndi matimu akuluakulu monga Enyimba ya ku Nigeria. Pambuyo pake anakaphunzitsanso Free State Stars ku South Africa.

M'zaka zimenezo akuluakulu oyendetsa mpira m'dziko muno ankakhulupirira kwambiri mwambi uja wakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Anaitana Burkhard Ziese wa ku Germany, kenaka Stephen Constantine wa ku England, koma malezala awo sanamete kanthu. Constantine atachoka mu 2008, ntchito inagwera a Phiri. Masewero oyamba a mpikisano wodzipezera malo ku chikho cha Africa ndi cha dziko lonse, Flames inathira Djibouti zigoli 8 kwa 1. Ena anati Djibouti ndi timu yofooka, ndipo sananame. Koma m'mwezi wa Juni chaka chomwecho, pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, kunabwera Egypt, imene inali itangotenga kumene chikho cha Africa ku Ghana. Nthawi itatsala pang'ono kutha, Chiukepo Msowoya anagwedeza ukonde, ndipo Malawi anapambana 1 kwa 0. Mu Okotobala anagonjetsanso Democratic Republic of Congo 2 kwa 1 nalowa m'ndime yomaliza.

Ndime imeneyo inayamba ndi chisoni. Mu Malichi 2009 ku Abidjan, Flames inagonja 5 kwa 0 pamaso pa Ivory Coast, pa tsiku limene ochemerera 19 anamwalira chifukwa cha kupanikizana pabwalo. Inagonjanso kwa Burkina Faso ndi kwa Guinea, ndipo ambiri anataya mtima. Apa ndi pamene khalidwe la mphunzitsi linaoneka, pakuti sanabalalitse timu yake chifukwa cha phokoso la anthu. Mu Seputembala anagonjetsa Guinea 2 kwa 1 ku Blantyre. Mu Okotobala anafanana mphamvu ndi Ivory Coast, chigoli chimodzichimodzi, Didier Drogba atabweza chimene Jacob Ngwira anamwetsa. Mapointi anayi amenewo anakwanira kuti Malawi apite ku Angola, patatha zaka 26 chichokere ku Bouaké.

Pa 11 Januwale 2010, mumzinda wa Luanda, mdani woyamba analinso Algeria yemwe uja, amene tsopano anali atapeza malo ku chikho cha dziko lonse cha chaka chimenecho. Russell Mwafulirwa anamwetsa choyamba, Elvis Kafoteka chachiwiri ndi mutu, ndipo atangobwera kopuma Davi Banda anaonjezera chachitatu. Zigoli zinali 3 kwa 0, monga momwe zinalili mu 1984, koma ulendo uno olira anali ena. Aka kanali koyamba kuti Malawi apambane masewero pa mpikisano umenewu, ndipo amene anakhala pa benchi anali munthu uja amene anasowa ku Bouaké. Chisangalalo sichinakhalitse: Angola inatigonjetsa 2 kwa 0, Mali 3 kwa 1, ndipo anyamata anabwerera kwawo.

Mphunzitsi amakondedwa Loweruka n'kudedwa Lamulungu. Mu Okotobala 2011 ku N'Djamena, Flames inali kutsogola 2 kwa 1 kufikira mphindi zomaliza, pamene Chad inabweza chigoli, ndipo malo a ku mpikisano wa 2012 anapita kwa Tunisia. Mu 2012 Ghana inatsekanso njira ya ku mpikisano wotsatira. Mu Januwale 2013 a Phiri anachotsedwa ntchito pamodzi ndi owathandiza awo, Young Chimodzi ndi Jack Chamangwana, amuna amene anatumikira timuyo kuyambira ali anyamata. Pambuyo pake anakaphunzitsa Mbeya City ku Tanzania.

Panapita zaka khumi ndi chimodzi chichokere ku Luanda kuti Malawi apezenso malo ku mpikisanowu. Amene anawapeza mu Malichi 2021, pogonjetsa Uganda 1 kwa 0 pa bwalo la Kamuzu, anali Mmalawi winanso amene anasewererapo Flames, Meck Mwase. Patatsala masabata owerengeka kuti timu inyamuke kupita ku Cameroon, akuluakulu a mpira anaipereka m'manja mwa Mario Marinica wa ku Romania.