Ulendo wa ku Migodi

Inu anzanga a ku Migodi, kumbukirani makolo athu. Njanji inafika ku Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero, m'caka ca 1906, koma kum'mawa kunalibe sitima. Munthu wocokera ku Fort Jameson, kumene titi Chipata, anali kuyenda pansi masabata angapo, kamba ali pamutu, naoloka Luangwa pa bwato. Ena anafera m'njira, osaona migodi, osaonanso kwao. Pambuyo pace mseu unalimidwa, ndipo mabasi anayamba kunyamula anthu kufikira ku Lusaka, kumene anakwera sitima. Ndege za Central African Airways zinayamba m'caka ca 1946, koma mtengo wace unali wa olemera okha. Cimene cinabweza wanchito kwa amai ace ndico basi ija ya pfumbi.