Kuyeza mtunda panjira ya ku Feira

Pa 14 January 1856, David Livingstone anafika pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Anapezapo mabwinja a tchalitchi ndi belu losweka, zotsala za Apwitikizi amene ankachita malonda a golide ndi minyanga ku Zumbo kuyambira cha m'ma 1720. Pofuna kudziwa pomwe waima, iye ankayeza nyenyezi ndi chipangizo chotchedwa sextant, kenako n'kuwerengetsera papepala. Achikunda opalasa mabwato analibe nazo ntchito zimenezo. Kwa iwo ulendo wa ku Tete unkawerengedwa ndi malo ogona.

Tauni ya Feira, yomwe ili pamalo amenewa, inasintha dzina kukhala Luangwa mu 1964, ndipo lero wochokera ku Lusaka amapatuka pafupi ndi mlatho wa Luangwa pamsewu wa Great East, n'kutsetsereka makilomita pafupifupi 90 kuti akafike paboma. M'midzi ya mafumu Mburuma ndi Mphuka, njinga ndiyo yakhala ikusenza matumba a chimanga, mitolo ya nsomba zouma ndi odwala opita kuchipatala cha Katondwe. Kale zinali za Eagle zopangidwa ku Chipata, pano zachuluka za mitundu ina.

Kwina, okwera njinga anayamba kale kuwerenga mtunda ndi makina. Mu 1895 Curtis Veeder wa ku America anapanga kachipangizo komangirira pafupi ndi gudumu: kachitsulo ka pasipoko kankakankha dzino limodzi gudumu likazungulira, manambala n'kumasuntha. M'ma 1980 munabwera timakompyuta ta maginito, tongokwana pakati pa zala ziwiri, toonetsa liwiro ndi mtunda basi. GPS italowamo, mapu anafuna malo, ndiye sikirini inayamba kukula. Garmin Edge 1050 ya mu 2024 ili ndi sikirini ya mainchesi 3.5, chimodzimodzi iPhone yoyamba ya mu 2007, ndipo Wahoo Elemnt Ace inapitirira mpaka 3.8. Itangotuluka, mtengo wa Garmin imeneyi unali madola pafupifupi 700, ndalama zogulira njinga zingapo za Buffalo.

Ndiye bwanji osangomangirira foni pahandulo? Chigwa cha Luangwa chimayankha msanga. Mu October kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo foni yoikidwa padzuwa imatentha, sikirini n'kuzilala, batire n'kutha munthu asanafike ndi pakati pomwe. Kugwedezeka kwa m'tinjira ta miyala kumaononganso kamera. Kakompyuta ka panjinga anakapangira zimenezi: kamaoneka bwino masana, sikaopa mvula kapena thukuta, ndipo kamatha maola pafupifupi 20 kasanafune magetsi. Mlendo wopalasa kuchokera pamlatho mpaka pagombe la Zambezi sataya ndalama zake akakagula.

Koma wogulitsa nsomba safunsa kuti akuthamanga makilomita angati pa ola. Msewu amaudziwa chitunda ndi chitunda, amadziwanso pamene ayenera kutsika n'kukankha. Mafunso ake ndi ena: bwato lochokera ku Zumbo lakocheza? Nsomba zikugulidwa bwanji pamlatho lero? Njovu zili pati? Funso lomalizali si lanthabwala, chifukwa m'boma lino njovu zimadutsa mumsewu potsikira kumadzi, ndipo wopalasa m'mamawa amadalira mnzake amene watsogola kuti amuimbire. Foni yake, nthawi zambiri ya mabatani yokhalitsa masiku angapo osatchaja, imakhala m'thumba, yokulungidwa m'kapulasitiki, kutali ndi dzuwa.

Opanga makompyuta a panjinga nawo akulondola foni m'mbuyo. Edge 1050 imatha kulipira zinthu ukangoigunditsa pamakina olandirira makhadi a kubanki. Mayi wogulitsa nsomba padoko la Luangwa makinawo alibe. Amatchula nambala yake ya Airtel Money kapena MTN, n'kudikira uthenga ulowe asanamange mtolo.