Chiyambi ndi Kukula kwa Miphakati mu Mpingo wa Katolika ku Malawi

Miphakati ndi timagulu ta Akhristu a Katolika oyandikana nyumba, amene amakumana pakhomo pa mmodzi wa iwo kuti awerenge Mawu a Mulungu, apemphere ndi kukambirana zochitika m'dera lawo. M'chigawo chapakati dzina lofala ndi mphakati, pomwe m'madera ambiri a kumwera amati limana. Masiku ano n'kovuta kupeza parishi yopanda timagulu timeneti, moti achinyamata ambiri amayesa kuti tinabwera ndi amishoni oyamba. Zoona zake n'zakuti miphakati inakhazikika m'zaka za m'ma 1970, patapita zaka zoposa 70 mpingo ukuyenda m'njira ina.

Ansembe a chipani cha White Fathers anafika kwa Mponda, ku Mangochi, mu 1889, koma anachokako mu 1891 asanabatize gulu la anthu. Ntchito yokhazikika inayamba mu 1901 pamene ansembe a chipani cha Montfort anamanga mishoni ku Nzama m'boma la Ntcheu. A White Fathers anabweranso mu 1902 n'kutsegula Mua, ndipo pofika chaka chotsatira Likuni ndi Kachebere nazo zinali zitaima. Mishoni iliyonse inali ndi dera lalikulu kwambiri, loti wansembe sakanalizungulira pa sabata imodzi. Choncho amishoni ankamanga tisukulu ta m'midzi, nthawi zambiri taudzu, n'kuikapo mphunzitsi amene analinso katekisiti. Pakati pa sabata kanyumbako kanali sukulu, Lamulungu kanali tchalitchi. Umu ndi momwe nthambi za mishoni zinayambira, ndipo zinachuluka msanga chifukwa cha mpikisano ndi mishoni zina, makamaka a Dutch Reformed amene anali atakhazikika kale ku Mvera ndi ku Nkhoma. Mudzi umene walandira sukulu ya mpingo wina unkawerengedwa kuti wapita.

Munthu wofuna ubatizo m'dera la a White Fathers ankaphunzira zaka zinayi. Maphunzirowo anali a katekisimu: katekisiti afunse, gulu liyankhe pamodzi, mpaka mayankho alowe pamtima. Wansembe ankabwera pa ulendo wake, poyamba wapansi kapena pa njinga yakapalasa, kenako pa njinga yamoto. Akafika ankamvetsa kulapa, kuyesa ofuna ubatizo, kuweruza milandu ya mabanja, kuona amene apereka mtulo, kuchita Misa ndi kulalika, kenako n'kupitirira ku nthambi ina. Njira imeneyi siyenera kunyozedwa, popeza inatulutsa Akhristu olimba amene ankadziwa mapemphero ndi malamulo a mpingo bwino lomwe, ndipo makatekisiti ena anali anthu olemekezeka kuposa mafumu a m'dera lawo. Chofooka chake chinali pa zimene zinkachitika munthu akabatizidwa. Maphunziro ankathera pa ubatizo ndi ulimbitso. Kuyambira pamenepo Mkhristu ankangodikira ulaliki wa wansembe, umene m'nthambi zakutali unkamveka mwa apo ndi apo ngati mvula ya chizimalupsa, yonyowetsa fumbi koma yosakwana kubzalira. Misa inali m'Chilatini, Baibulo silinali m'manja mwa anthu wamba, ndipo mpingo unkaoneka ngati katundu wa abambo a ku mishoni.

Zinthu zingapo zinagwedeza dongosolo limeneli pa nthawi imodzi. Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unaphunzitsa kuti mpingo ndi anthu onse obatizidwa, unalola kuti Misa izichitika m'zinenero za anthu, ndipo unalimbikitsa Akhristu eni ake kuwerenga Malembo. Mu 1966 kunatuluka Malembo Oyera, Baibulo lathunthu la Akatolika m'Chichewa. Pa nthawi yomweyo sukulu zinali kulowa pang'onopang'ono m'manja mwa boma, ndipo mphunzitsi wolandira malipiro a boma sanalinso wokakamizidwa kutsogolera mapemphero. Akhristu ankachuluka chaka ndi chaka pomwe ansembe ochokera ku Ulaya ndi ku Canada ankakalamba, ndipo ansembe a kuno anali akadali ochepa.

Vutoli silinali la Malawi yekha. Ku Brazil timagulu ta Akhristu a m'midzi ndi m'makomboni tinayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo maepiskopi a ku Latin America anativomereza pa msonkhano wawo wa ku Medellín mu 1968. Maepiskopi a ku Congo anali atanena zofanana mu 1961, ndipo kumpoto kwa Tanzania, mu dayosizi ya Musoma, ansembe a Maryknoll anayesa timagulu totere m'zaka za m'ma 1960. Bungwe la AMECEA, limene linayamba mu 1961 ndi maepiskopi a ku Kenya, Malawi, Tanzania, Uganda ndi Zambia, linakambirana nkhaniyi ku Nairobi mu 1973, ndipo pa msonkhano wa 1976 mumzinda womwewo linagamula kuti kumanga timagulu ta Akhristu ndiyo ikhale ntchito yoyamba ya mpingo m'mayiko onsewa. Mu 1979 maepiskopiwo anakumana ku Zomba kuti aone pamene ntchitoyo yafika.

Mmodzi mwa amene anatsogolera maganizo amenewa anali Patrick Kalilombe. Iye anabadwira ku Mua mu 1933, analowa chipani cha White Fathers, n'kudzozedwa unsembe mu 1958. Ataphunzira za Baibulo ku Rome anaphunzitsa ku seminale ya Kachebere, ndipo mu 1972 anakhala episkopi wa Lilongwe m'malo mwa Joseph Fady. Kalilombe anakulira m'dongosolo la nthambi ndipo ankalidziwa mkati ndi kunja. Kuona kwake kunali kwakuti nthambi inapangidwa pofuna kupeputsa ulendo wa wansembe, osati pofuna kuti Akhristu akhale mpingo pamene akukhalapo. Nthambi imodzi inkasonkhanitsa anthu a midzi yambiri, osadziwana kwenikweni, amene ankakumana Lamulungu lokha. Iye ankafuna kagulu kochepa, ka anthu otunga pa chitsime chimodzi ndi kuikana maliro, koti munthu akasowa pa mapemphero anzake adziwe chifukwa chake tsiku lomwelo.

Sanalamule zimenezi ndi kalata chabe. Kuyambira 1973 mpaka 1975 dayosizi ya Lilongwe inachita sinodi yaing'ono, imene zokambirana zake zinkayambira kwa Akhristu a m'midzi n'kumakwera ku parishi mpaka ku dayosizi. Mfundo zake zinali zitatu: mpingo wodzitumikira, wodzifalitsa ndi wodzidalira pa chuma. Mawu amene anatsala m'kamwa mwa anthu kuchokera nthawi imeneyo ndi akuti "Mpingo ndife tonse". Si onse amene anakondwa nazo. Ansembe ena ankaopa kuti anthu osaphunzira adzapotoza Malembo, makatekisiti ena anaona ngati ulemu wawo ukugawidwa kwa anthu wamba, ndipo Akhristu ena, atamva za kudzidalira, anangomva kuti zopereka zikwera.

Chitsutso choopsa chinachokera kunja kwa mpingo. Malawi linali dziko la chipani chimodzi, ndipo kuyambira 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda anali pulezidenti wamuyaya. Malawi Congress Party inali ndi nthambi zake m'midzi yonse, ndipo msonkhano uliwonse wosadutsa kwa atsogoleri a chipani unkakayikiridwa. Zinali zaka zomwezo pamene a Mboni za Yehova, oletsedwa mu 1967, ankazunzidwa ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana kugula makadi a chipani. M'nyengo yotere, timagulu tokumana m'nyumba za anthu, tokhala ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma, tokambirana mavuto a m'mudzi, tinaoneka kwa akuluakulu ena a ndale ngati chipani china chimene chikumera mobisa. Mu 1976 Kalilombe anakakamizika kutuluka m'dziko, ndipo mu 1979 anatula pansi udindo wake. Anakaphunzira ku Berkeley ku America, kumene analemba kafukufuku woyerekeza nthambi zakale ndi miphakati, kenako anaphunzitsa zaka zambiri ku Selly Oak mumzinda wa Birmingham. Anabwerera kumudzi ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, anaphunzitsa ku Chancellor College, ndipo anamwalira mu 2012. Miphakati sinathe iye atachoka, koma inaphunzira kusamala pakamwa. Kwa zaka zambiri inakhala ya mapemphero ndi chithandizo, n'kumapewa nkhani zokhudza boma, mosiyana ndi timagulu ta ku Brazil timene tinkalimbana poyera ndi nkhani za malo ndi malipiro.

Msonkhano wa mphakati uli ndi maonekedwe odziwika. Banja limene lalandira alendo sabata imeneyo limasesa pabwalo, kuyala mikeka ndi kutulutsa mipando imene ilipo. Pakatebulo amayalapo nsalu, n'kuikapo mtanda, kandulo ndi Baibulo. Mphakati uliwonse uli ndi dzina la woyera amene ndi nkhoswe yake, monga Yosefe Woyera kapena Tereza Woyera, ndipo tsiku la woyerayo limakhala chikondwerero chawo. Akaimba nyimbo ndi kupemphera, wina amawerenga Mthenga Wabwino, kawirikawiri wa Lamulungu likubweralo kapena lapitalo, ndipo mawuwo amawerengedwa kawiri kuti osadziwa kuwerenga awagwire. M'magulu ambiri amatsata njira ya masitepe asanu ndi awiri imene inakonzedwa ku Lumko Institute ku South Africa n'kufalikira m'mayiko ambiri. Pa njira imeneyi aliyense amatchula mokweza liwu kapena kachiganizo kamene kamukhudza, onse amakhala chete kwa mphindi zingapo, kenako amene akufuna amafotokoza chimene mawuwo amuuza pa moyo wake. Pamapeto pake amagwirizana ntchito yoti achite sabata imeneyo, kaya kukaona wodwala, kaya kukafolera nyumba ya gogo wina.

Pamenepa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni ndi ulaliki. Pa guwa amalankhula munthu mmodzi wophunzira, ndipo omvera sayankha. Pa mkeka wa mphakati lamulo ndi lakuti pasakhale wolalikira mnzake: mayi wogulitsa tomato akanena kuti fanizo la wantchito wosakhululuka lamukumbutsa ngongole imene akukanganirana ndi mlamu wake, palibe womudzudzula kuti walakwitsa tanthauzo. Ulaliki umapereka chiphunzitso cholongosoka chimene kagulu sikangadzipezere kokha, pomwe mphakati umafunsa ngati chiphunzitsocho chafika pakhomo, pamaso pa anthu amene amadziwa mmene munthuyo amakhalira ndi mkazi wake, ana ake ndi antchito ake. Kunama n'kovuta pamalo otere. Komabe lamulo losalalikirana limathyoledwa kawirikawiri. Wapampando wodziwa kulankhula amatha kutenga theka la nthawi yonse akufotokoza vesi, ena n'kumangovomera, ndipo msonkhano umasanduka katchalitchi kakang'ono kopanda wansembe.

Popita nthawi parishi zinasenzetsa miphakati ntchito zambiri. Kholo lofuna kubatizitsa mwana, kapena achinyamata ofuna ukwati wa mu tchalitchi, amayamba atenga kalata ya ku mphakati yochitira umboni kuti ndi Akhristu odziwika. Miphakati imasinthana kusesa tchalitchi, kuwerenga mawu pa Misa ndi kupereka mphatso za chakudya cha ansembe. Mtulo ndi zopereka za chitukuko zimadutsanso komweko. Ntchito imene imaoneka koposa ndi ya pamaliro, pamene a mphakati amagona pasiwa, kuimba usiku wonse, kusonkha ufa ndi nkhuni, ndi kutsogolera mwambo wa kumanda wansembe akalephera kufika. M'zaka zimene Edzi inavuta kwambiri, magulu ambiri osamalira odwala kunyumba ndi ana amasiye m'maparishi anatuluka m'miphakati momwemu.

Kuchuluka kwa ntchitozi kuli ndi mtengo wake. Dandaulo lomveka m'maparishi ambiri ndi lakuti nthawi ya Mawu imafupika pomwe nthawi ya zolengeza ndi zosonkhasonkha imatalika, moti osauka ena amaleka kubwera chifukwa cha manyazi a ngongole. Kalata ya ku mphakati, imene cholinga chake chinali umboni wa anthu odziwana, nthawi zina imasanduka chikwapu, ndipo pamapezeka anthu oyamba kusonkhana mwana akatsala pang'ono kubatizidwa n'kuzimiririka mwambo ukatha. Amayi ndiwo amadzaza mikeka pafupifupi paliponse. Abambo ambiri amabwera msonkhano ukakhala pakhomo pawo pokha, ndipo achinyamata amaona kuti n'kovuta kulankhula za mumtima pamaso pa makolo ndi apongozi, n'chifukwa chake maparishi ena anayambitsa miphakati ya achinyamata paokha. Palinso miphakati imene inakula mpaka mabanja makumi angapo osagawidwa, ndipo pa gulu lotere kugawana mawu sikutheka.

M'mizinda zinthu zinayenda mosiyanako. Ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi anthu oyandikana nyumba si abale, amachokera m'maboma osiyanasiyana, ndipo alendi amasamuka pafupipafupi. Kumeneko mphakati umagwira ntchito imene kumudzi imagwiridwa ndi mbumba: ndiwo umalandira mlendo, kuperekeza wodwala ku chipatala ndi kusonkha ndalama yonyamulira maliro kupita kwawo. Misonkhano imachitika Lamulungu masana kapena madzulo anthu akaweruka, ndipo masiku ano zolengeza zambiri zimayenda pa WhatsApp.

Sinodi ya maepiskopi a mu Africa imene inachitikira ku Rome mu 1994 inafotokoza mpingo ngati banja la Mulungu, ndipo chikalata cha Ecclesia in Africa, chimene Papa John Paul II anasaina ku Yaoundé mu 1995, chinatchula timagulu ta Akhristu ngati malo amene banja limenelo limaonekera. Masiku ano miphakati ili m'mapulani a madayosizi a m'Malawi. Atsogoleri a mphakati amasankhidwa ndi anzawo kwa zaka zowerengeka, ndipo ndiwo amatumiza nthumwi ku khonsolo ya tchalitchi ndi ya parishi, kumene amakhala pamodzi ndi bambo mfumu pokonza ntchito za chaka.