Thabwa la Pansi pa Mng'oma ndi Njuchi za ku Maiko Achisanu

Mwa ziwalo zonse za mng'oma umene alimi a njuchi a ku Ulaya ndi ku America amagwiritsa ntchito, palibe chimene chidanyozeka nthawi yaitali monga thabwa la pansi, pakuti maso a munthu amathamangira kumwamba kumene kuli uchi, ndipo pansi, pamene pamagwera zinyenyeswa ndi mitembo, sipaoneka wofuna kuwerama kuti apayang'ane. Komatu m'maiko amene chisanu chimatsekera njuchi m'nyumba miyezi inayi kapena isanu, moyo wa fuko lonse umatsamira pa thabwa lomwelo, pa kukula kwa khomo lake, ndi pa mpweya umene limalowetsa kapena kuukaniza.

Njuchi sizigona tulo m'nyengo yachisanu ai. Kukazizira kufika pa madigiri 14, monga adapezera E. F. Phillips ndi George Demuth a ku America m'chaka cha 1914 atalowetsa zoyezera kutentha m'ming'oma, zimaunjikana pa malesa kukhala chibulunga chimodzi, mfumukazi ili pakati, ndipo zam'kati zimanjenjemeretsa minofu ya mapiko popanda kuuluka kufikira thupi litafunda. Mphamvu ya ntchito imeneyi imachokera mu uchi, ndipo ku England fuko limodzi limafuna makilogalamu pafupifupi 20 kuti lione maluwa a chaka chinacho, pamene ku Canada limafuna oposerapo kwambiri. Koma chimene chidasautsa alimi mibadwomibadwo n'chakuti kilogalamu iliyonse ya uchi imene njuchi zadya imabala madzi oposa theka la lita, amene amatuluka ndi mpweya wao wofunda, nakwera, nagunda denga lozizira, nagwanso madontho pamsana pa eni ake. Njuchi youma imapirira chisanu choopsa, yonyowa siikhalitsa. Tsono mlimi akatseka nyumba kuti isunge kutentha wasunganso chinyontho, akaitsegula kuti chinyontho chituluke wataya kutentha, ndipo mbiri yonse ya thabwa la pansi ndi ya anthu olimbana ndi mfundo imeneyi.

Makolo a Azungu ankaweta njuchi m'madengu oluka ndi mapesi a tirigu, opanda pansi, amene ankawavundikira pa mwala wosalala kapena pa chitsa cha thabwa, nawaveka chisoti cha udzu, ena nawalowetsa m'mapanga oumbidwa dala m'makoma a miyala, amene ambiri akali kuoneka ku Britain kufikira lero. Za chisanu ankaziweruza ndi dzanja. Maluwa akatha, mlimi ankanyamula dengu lililonse kuti amve kulemera kwake. Lolemeretsa ndi lopepukitsa ankawaika pamwamba pa dzenje lofuka sulufule, njuchi zonse n'kugwa pansi zitafa, iye n'kufula uchi mwamtendere, ndipo madengu apakati okha ndiwo ankasiyidwa kuti akhale mbewu. Nkhanza imeneyi, imene inalipo ngakhale m'masiku a Charles Butler, mbusa wa mpingo amene adalemba buku lotchuka la njuchi mu 1609, inali ndi nzeru yake yobisika, popeza dengu la mapesi limasunga kutentha koposa thabwa, ndipo mafuko osowa chakudya sankafika n'komwe pa chiyeso cha chisanu.

Zinthu zidatembenuka mu 1851 pamene mbusa wina, Lorenzo Langstroth wa ku Philadelphia, adazindikira kuti mpata wa mamilimita 6 kufikira 9 njuchi zimausiya wotseguka, osamangamo malesa, osaumatanso ndi utomoni wao. Pa nzeru imeneyi adamanga mng'oma wa mafelemu osolola, umene boma lidaulemba m'dzina lake mu 1852, ndipo amisiri a pambuyo pake adalekanitsa thabwa la pansi ndi bokosi kuti mlimi azitha kulichotsa ndi kulipala. Anthu adakondwera, pakuti tsopano ankafula uchi osapha njuchi. Koma walira mvula walira matope, ndipo pofika Marichi ambiri ankatukula bokosi n'kupeza pansi pali matope enieni, mitembo yonyowa itaunjikana kufikira kutseka khomo, chuku chitamera m'ngodya, madzi atadikha kumbuyo. Kuyambira pamenepo lidakhala lamulo kupendeketsa mng'oma pang'ono cha kutsogolo kuti madzi azitsikira kukhomo, ndiponso kusema thabwa la nkhope ziwiri, ina ya mpata wochepa, ina ya mpata waukulu, lotembenuzika monga mwa nyengo.

Mibadwo imeneyo inkaopa chisanu koposa china chilichonse. Ku England William Broughton Carr adatulutsa mu 1890 mng'oma wa makoma awiri, wokongola ndithu, umene ojambula zithunzi amaukonda mpaka lero ngakhale kuti wogwira nao ntchito amaukukutira mano. Kumpoto kwa America anthu ankasenza ming'oma yonse mu Novembala kukaiika m'chipinda cha mdima cha pansi pa nyumba, m'mene ankayesetsa kuti kutentha kukhale pa madigiri ngati 7, naitulutsa mitengo ikayamba maluwa. Mmodzi wa iwo, C. C. Miller wa ku Marengo m'dera la Illinois, sing'anga amene adasiya za mankhwala nadzakhala mlimi wa njuchi pambuyo pake, ndiye amene ndimamuyesa woyamba kulipatsa thabwa la pansi ulemu wake. Iye adalizamitsa masentimita 5, kuti mitembo igwere kutali ndi amoyo ndi kuti mpweya uyende momasuka pansi pa chibulunga. Ndipo poona kuti m'nyengo ya maluwa njuchi zimamanga malesa m'mpata womwewo, ankalowetsamo kathandala ka timatabwa totalikirana, kamene ankakachotsanso chisanu chikayandikira.

M'zaka za m'ma 1940 maganizo adapendekera mbali ina. C. L. Farrar wa ku Wisconsin adaphunzitsa kuti njuchi sizifunditsa nyumba yonse koma chibulunga chao chokha, ndi kuti fuko lalikulu lokhala ndi uchi wochuluka silisowa chofunda. Chimene lisowa ndi kabowo kumwamba kotulukira chinyontho. Chiphunzitsochi chidalamulira America zaka zambiri. Alimi a m'zigwa za kumadzulo kwa Canada, iwo, adabwerera ku njira ya makolo mwa mtundu wina: ankapha njuchi zonse ndi mpweya wa poizoni akatha kufula, n'kugula zina m'mabokosi kuchokera ku California chisanu chikatha, popeza kugula kunali kotsika mtengo kuposa kudyetsa. Malonda amenewa adaduka mu 1987 pamene boma la Canada lidatseka malire ake kuti njuchi zochokera ku United States zisalowe, ndipo anthu omwewo adaphunziranso kusunga njuchi, ambiri a iwo m'nyumba zazikulu za mdima zimene makina amazisunga pa madigiri 4 kapena 5.

Chimene chidatseketsa malirewo ndi tizirombo, makamaka kankhupakupa kofiirira kotchedwa varroa, kochepa ngati kambewu ka mpiru. Kwao kunali pa njuchi za ku Asia, zimene zimadziwa kukhala nako. Koma anthu atatengera njuchi za ku Ulaya kum'mawa kadalumphira pa izo, ndipo kadafika ku Germany mu 1977, ku United States mu 1987, ku Britain mu 1992, ku South Africa mu 1997, ndi ku Australia mu 2022. Kamaswana m'zipinda zotsekedwa za ana a njuchi, kamadya mafuta a m'thupi mwao, nikafalitsa matenda opundula mapiko. Ndipo popeza njuchi zodutsa chisanu, zimene zimakhala moyo miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi pamene anzao a m'nyengo ya maluwa amangokhala masabata asanu ndi limodzi, zimabadwa mu Ogasiti ndi Seputembala, nthawi imene tizirombo tafika pachimake, fuko limene laoneka lakufa mu Febuluwale kawirikawiri limakhala litaweruzidwa kale miyezi isanu m'mbuyomo.

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mlendo woipayu ndiye adachititsa kuti thabwa la pansi lisinthike koposa m'zaka zonse zapitazo. Alimi adaona kuti tizirombo tina timagwa patokha n'kukweranso pa njuchi yodutsa, choncho adachotsa matabwa naikapo sefa wa waya wa mabowo a mamilimita 3, oti kachirombo kapyole koma njuchi ai, ndi kathireyi kosolola kunsi kwake. Chiyembekezo choti sefa yekha adzagonjetsa mdaniyo sichidapherezeke, pakuti ogwawo ndi ochepa poyerekeza ndi otsala. Koma padatuluka madalitso awiri amene sadawapemphe. Loyamba, ming'oma imene idasiyidwa yotseguka kunsi chisanu chonse, monga ankachitira kale alimi ena a ku Germany, idatuluka youma, malesa opanda chuku, chinthu chimene agogo ao akadachiyesa misala. Lachiwiri ndi kathireyi kaja. Munthu akakasolola m'mawa wa mu Januwale, osatsegula mng'oma, amaona tinyenyeswa ta phula titagwa m'mizeremizere yolingana ndi mipata ya mafelemu. Pamene pali mizereyo ndi pamene pali chibulunga, kuchuluka kwake ndiko kukula kwa fuko. Tinyenyeswa toyera tikunena kuti zikutsegula nkhokwe za uchi, todera tikunena kuti ana ayamba kubadwa. Ndipo pakati pake pali timadontho tofiirira tonyezimira timene amatiwerenga kuti adziwe ngati n'kofunika kuthira mankhwala, ntchito imene ambiri amaichita chakumapeto kwa Disembala pamene mulibe ana obisamo tizirombo.

Chodabwitsa n'chakuti pa zaka zonsezi mwini nyumba ndiye adafunsidwa potsiriza, ndipo safunsa adadya phula. Pa kafukufuku amene adamufalitsa mu 1976, Thomas Seeley ndi Roger Morse adagwetsa mitengo ya mphako m'nkhalango za ku Ithaca, m'dera la New York, kuti aone nyumba imene njuchi imadzisankhira yokha, napeza mphako ya malita ngati 45, makoma ochindikala omatidwa utomoni, ndi khomo laling'ono lokhala cha kumunsi. Mu 2016 Derek Mitchell wa ku England adayeza napeza kuti mng'oma wamba wa matabwa umataya kutentha kanayi kufikira kasanu ndi kawiri kuposa mphako yotere. Owerenga a kuno kwathu, amene adaona ming'oma ya makungwa itapachikidwa m'mitengo, sadzadabwa nazo; koma ife chisanu chathu cha Juni ndi Julayi sichitsekera njuchi miyezi, ndipo chimene timapachikira ming'oma ndi chiuli ndi linthumbu.

Chifukwa cha zofufuza zimenezi alimi ambiri lero abwerera ku zofunda, koma mwa njira yotsutsana ndi ya Farrar: amatseka kabowo kakumwamba, amachindikaza denga kuti likhale lofunda koposa makoma, kotero kuti chinyontho chimasanduka madzi m'mbali, kutali ndi chibulunga, kumene njuchi zimatha kukamwa zikafuna kusungunula uchi wouma. Ena asiya matabwa natenga ming'oma ya polystyrene, monga idafalira ku Finland ndi ku Denmark. Za sefa mkangano sudathe; a m'madera a mvula ndi nkhungu amamusiya wotseguka, a m'madera a mphepo yolusa amabwezeramo kathireyi, ndipo ine ndiyesa onse awiri ali ndi mfundo yomveka, malinga ngati denga lili lofunda ndi mng'oma suli pamalo oomba mphepo. Pa chinthu chimodzi chokha ndi pamene onse amamvana, ndicho mbewa, imene imalowa njuchi zitaunjikana zosatha kuiluma, nimanga chisa chake pakati pa malesa, nidya mungu ndi uchi mpaka Marichi. Ndipo chifukwa cha iyo mlimi aliyense, kaya pansi pake ndi pa thabwa kaya ndi pa waya, amakhomera pakhomo kachitsulo ka mabowo osapitirira sentimita imodzi mwezi wa Okutobala usanathe.