Kupinda malata motsatira chojambula cha pakompyuta

Popanga chipangizo cha lata pamakhala funso limodzi pa mzere uliwonse wopindira: mlomo wa latalo udzuke m'mwamba kapena ugwere pansi? M'mapulogalamu ojambulira zipangizo, omwe amatchedwa CAD, monga SolidWorks, Autodesk Inventor ndi FreeCAD, wojambula ndiye amayankha funsoli, ndipo yankho lake liyenera kufika kwa mmisiri wopinda lisanasokonekere panjira.

Momwe pulogalamu imasonyezera

Wojambula amasankha chigawo chimodzi cha lata chomwe sichisuntha, ndipo zigawo zonse zimapindikira pa chimenecho. Akamaliza, pulogalamu imayala chipangizocho kukhala lata lathyathyathya lokhala ndi mizere yopindira. Pambali pa mzere pamalembedwa UP kapena DOWN, madigiri ake, ndi kukula kwa kukhota kwa mkati, mwachitsanzo UP 90° R2. UP ndiye kuti mlomo ubwere kwa woyang'ana chojambula, DOWN ndiye kuti umuthawe. Wojambula akasankha kuseri kwa lata kukhala kumaso, UP ndi DOWN amasinthana pa mizere yonse.

Vuto limabwera lata lodulidwa kale likatembenuzidwa pa makina opindira. Miyeso yonse imakhala yolondola, koma chotuluka chimakhala ngati nsapato ya kumanzere pomwe pamafunika ya kumanja: mabowo a mabawuti amagwera kwina, ndipo mbali yopakidwa penti imalowa mkati. Kuwongola n'kupindanso kumafooketsa chitsulo, nthawi zina kuching'amba.

Kutamuka kwa chitsulo

Kuwonjezera pa mbali yopindikira, palinso nkhani ya kutamuka: lata likamapindika, kunja kumatamuka, mkati kumafinyika, koma pakati pali mzere wosasintha kutalika. Malo a mzerewu amayezedwa ndi nambala yotchedwa K-factor, yomwe kawirikawiri imakhala pakati pa 0.3 ndi 0.5. Lata lochindikala mamilimita 2, lokhota mamilimita 2 mkati pa madigiri 90, ndi K-factor ya 0.44, limadya mamilimita pafupifupi 4.5 pa kukhotako. Chitsulo chimabwereranso pang'ono makina akachisiya, n'chifukwa chake amisiri amapinda mopitirirako.

Ku Dwangwa

Ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, kuli fakitale ya shuga yomwe inayamba kugaya nzimbe mu 1979 ndipo pano ili m'manja mwa Illovo Sugar Malawi. Pafupi pake pali Ethanol Company, yomwe inayamba kupanga ethanol mu 1982. M'mafakitale otere malata opinda ali ponseponse: zotchingira malamba ndi matcheni, ngalande zotsetserekamo shuga, mabokosi a magetsi. Chotchingira chopindidwa mozondoka sichilowa pamalo pake, ndipo m'nyengo yogaya nzimbe makina sadikira munthu.

Amisiri okhoma ndowa, mbaula ndi zothirira kudimba amakumana ndi funso lomweli popanda kompyuta. Amalemba mzere ndi msomali, n'kugoneka lata pamphepete pa chitsulo cholemera, kenako n'kumenya pang'onopang'ono mpaka mlomo utagwa. Polumikiza thupi la ndowa, mlomo wina umapindikira mkati, wina kunja, kuti ikolane. Yonse ikaloza kumodzi, ndowa siitsekeka.

Chotetezera chachikulu ndi chizindikiro: wojambula alembe mbali ya kumaso pa chojambula, wodula aichonge pa lata, ndipo wopinda ayambe wayesa pa chidutswa asanagwire lata lenileni.