Amene Anatsegula Mapiri a Peak District

Abale anga a ku Manchester ndi Sheffield, lero tikambe za Castleton, mudzi womwe uli m'mapiri a Derbyshire, pakati pa mizinda yanu iwiriyi.

Kale anthu a m'mudziwu ankadalira kuweta nkhosa ndi kukumba mtovu. Phanga la Speedwell, momwe lero alendo amalowa pabwato, linali mgodi womwe anaukumba m'zaka za m'ma 1770. Pakhomo pa phanga la Peak Cavern pankakhala mabanja opota zingwe za m'migodi. Migodi itatha, mapanga omwewo ndi mwala wokongola wa Blue John ndiwo anayamba kudyetsa mudzi.

Koma pansi pa nthaka panatseguka msanga kusiyana ndi pamwamba. Munthu ankatha kulipira n'kulowa m'phanga, pomwe phiri la Kinder Scout, lalitali kuposa onse m'derali, linali loletsedwa. Eni malo ankalisunga kuti aziwomberako mbalame zonga nkhwali zotchedwa grouse, ndipo alonda awo ankathamangitsa aliyense wopondako.

Pa 24 April 1932, anthu mazana angapo, ambiri mwa iwo achinyamata ogwira ntchito m'mafakitale, ananyamuka ku Hayfield n'kukwera phirilo dala, osapempha chilolezo. Mmodzi mwa owatsogolera anali Benny Rothman wa ku Manchester, mnyamata wa zaka 20. Panali kukankhana ndi alonda, apolisi anamanga ena, ndipo asanu anakaseweza kundende, ena mpaka miyezi 6.

Chilangocho m'malo moopseza anthu chinangowakwiyitsa. Komabe zinthu sizinasinthe tsiku limodzi, ayi. Lamulo lokhazikitsa malo otetezedwa linadutsa mu 1949, ndipo mu 1951 Peak District inakhala National Park yoyamba mu Britain. Njira ya Pennine Way, yoyambira ku Edale, kuseri kwa phiri la Mam Tor, inatsegulidwa mu 1965. Ufulu woyenda m'mapiri otere unalowa m'malamulo mu 2000, patatha zaka 68.

Ambiri a ife timati zokwera mapiri kuno n'za eni dziko, ife tinabwera kudzagwira ntchito. Koma amene anamenyera njirazi analinso anthu otopa ndi ntchito, ongopuma Lamlungu lokha. Ndiye mukapeza tsiku lopuma, kwerani sitima yopita ku Edale, muvale nsapato zolimba, jekete la mvula musaiwale. Kukwera phirilo simulipira kalikonse, ena analipira kale.